Analandira Ndani Pasipoti ya Nesi?

Uthenga wa pa foni unali waufupi: phukusi laperekedwa, mwini wake wasaina. Azakhali anauwerenga atavala magalasi, anauwerenganso atawavula, kenaka anabweza foniyo kwa Nesi.

"Ndiye iwe sunasaine?"

"Ndikanasaina ndi dzanja liti, Azakhali? Lachiwiri ndinaswera kusambitsa nkhalamba. Mafoni amatitsekera m'kabati mpaka poweruka."

Nesi anakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali gwa ngati munthu amene misozi yamuthera. Sanali namwino weniweni. Ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, ndipo dzinalo anamupatsa ndi anthu a m'nyumba yosanja imene ankakhalamo. Mayi ake anali atamwalira Lamulungu, kwawo, kutali. Abale anavomera kusunga thupi ku mochale mpaka Loweruka, osapitirira apo. Kuntchito iye anapitabe, chifukwa m'dziko la eni maliro saimitsa ntchito, ndipo tchuthi chake ankachisungira ulendowo. Tikiti ya ndege inalipo. Chosowa chinali pasipoti.

Pasipotiyo anali ataitumiza ku ofesi yoona za alendo kuti akamuwonjezere chilolezo chokhala m'dzikomo. Ofesiyo inaibweza kudzera ku kampani ina yonyamula maphukusi, imene imadzitama kuti katundu imapereka m'manja mwa mwini wake yekha. Tsopano linali Lachinayi.

"Akuba okhaokha," anatero mwamuna wa Nesi ataima pawindo. Anthu ankawatchula kuti Atcheya, chifukwa ndiwo ankatsogolera kabungwe ka anthu akumudzi kothandizana pa zovuta. "Positi ya kuno ndinaitaya kalekale. Ndimati mwina a kampaniwa ali ndi umunthu, koma onse ndi amodzi. Nkhaniyi ndaifikitsa kale kwa akuluakulu awo, ndipo ndawauza mosapita m'mbali kuti dalaivala wawoyo amuchotse. Mapasipoti amagulitsa anthu amenewa."

"Akuti chiyani akuluakuluwo?" anafunsa Azakhali.

"Akuti afufuza. Mwina mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa manda adzakhala atamera udzu. Inuyo Lachiwiri munali kuti?"

"Azakhali! Mukufunsa ine?"

"Ndikufunsa aliyense. Nanenso ndadzifunsa."

"Ndinali kuntchito kumakatoni tsiku lonse. Kafunseni makina a pageti. Khadi langa linalowa m'mawa, linatuluka madzulo. Makina sanama."

Azakhali sanali azakhali a wina aliyense m'nyumbamo. Anangofika m'dzikomo ena onse asanabwere, imvi n'kuwamerera ali kochapira zovala za m'chipatala. Malamulo osalembedwa a nyumbayo anaikako ndi iwo, ndipo lalikulu linali ili: munthu wa yunifolomu akaliza belu n'kutchula dzina, palibe amene akulidziwa. Theka la anthu a m'zipindamo mwini nyumba sankawadziwa, ndipo ena mapepala awo anatha ntchito. Pa timabokosi ta makalata panali mayina a anthu amene anasamuka kale. Ndiponso dzina la papepala la mnzako unkalidziwira kuti? Uyu anali Nesi, uyo Atcheya, winayo Msuweni. Maphukusi ambiri ankabwerera kumene achokera, anthu n'kumatukwana positi.

Choncho Azakhali sanadabwe kuti phukusi lasowa. Chinawadabwitsa n'chakuti wina analivomera.

* * *

Azakhali anakamudikirira dalaivala wa kampaniyo pamphambano, pafupi ndi sitolo ya buledi, pamene galimoto yake inkaima masana alionse. Anali bambo wowonda, wa ndevu zaimvi, nayenso mlendo wochokera kudziko lina. Anayankhulana m'chiyankhulo cha eni dziko, onse awiri akuchitsimphina.

"Nyumba imeneyo!" anatero bamboyo atamva nambala yake. Sanaleke kusanja makatoni. "Nyumba ya mizukwa. Belu loyamba, sitikumudziwa. Belu lachiwiri, sitikumudziwa. Belu lachitatu, zii, koma nsalu ya pawindo ikugwedera. Tsopano abwana akuti ndine wakuba. Lolemba ndikafotokoze, apo ayi ndibweze makiyi. Mayi, ine ndili ndi ana kusukulu."

"Koma munapereka."

"Ndinapereka. Ndinali nditabwerera kale kugalimoto, mvula ili pamsana. Munthu anandigwira paphewa, n'kundionetsa khadi. Khadi la chilolezo, lakale, koma dzina lomwelo, lonse lathunthu."

"Nkhope?"

Bamboyo anaseka kuseka kopanda mano. "Mukudziwa makomo amene ndimagogoda pa tsiku? Ndikamayang'ana nkhope ndigona mumsewu. Chipewa cha jekete chinali pamutu, pakamwa ataphimba ngati wachimfine. Sananene kanthu. Anasaina ndi chala pa kamakina, n'kuthamanga."

"Wamkazi kapena wamwamuna?"

"Dzina lachikazi, khadi lachikazi, jekete yachikazi. Mukufuna ndikanamusecha?"

"Jekete yotani?"

"Yobiriwira. Ya kunyumba ya okalamba ija, yokhala ndi chithunzi cha manja awiri pamtima. Ndimaperekako mankhwala, ndimaidziwa." Anatseka chitseko cha galimoto, kenaka anayang'ana Azakhali kwa nthawi yoyamba. "Munali chiyani m'phukusimo?"

"Njira ya ku maliro a mayi wa munthu."

Bamboyo anavula kapusi, n'kuigwira pachifuwa kanthawi. Kenaka anaivala, nakwera galimoto, chifukwa kamakina kake kanali katayamba kulira.

M'nyumba yonse ija, anthu ovala jekete yobiriwira analipo awiri okha.

* * *

Wachiwiriyo anali mtsikana wa m'chipinda cha pansi pa cha Nesi. Ankamutcha Kadzidzi chifukwa ntchito yake inali ya usiku, masana n'kumagona. Anatsegula chitseko atadzifunditsa bulangete, diso limodzi lili chitsekere.

"Kwagwanji, Azakhali? Nyumba ikupsa?"

"Jekete yako ili kuti?"

Diso lachiwiri linatseguka. "Ehe. Zafika kwa ine. Ndimadziwa. Kukasowa supuni, Kadzidzi. Kukasowa mwamuna wa mwini, Kadzidzi. Lero pasipoti." Anakoka jeketeyo pamsomali n'kuiponya pampando. "Iyo. Isecheni. Mukafuna mung'ambenso matiresi."

"Chilolezo chako chikutha mwezi uno."

"Chikutha, inde. Ndiye ndibe nkhope ya Nesi? Tandiyang'anani. Ine ndimafika m'khwapa mwake. Wapachipata amene angandilole kudutsa ndi chithunzi chimenecho ndiye kuti maso anasiya kunyumba." Anakhala pabedi, mawu n'kutsika. "Mayi ake aja ndinayankhula nawo pa foni kangapo. Ankanditcha mwana wawo. Sindine woyera, Azakhali, koma pamaliro sindiba."

Azakhali anaitembenuza jeketeyo. Inali yaing'ono, youma, ikununkha sopo wa kuntchito.

"Lachiwiri masana unali muno?"

"Ndinali muno, ndikuvutika. Belu lija litalira ndinalowa m'bafa n'kuzimitsa nyale, ndimayesa ndi a zolowa ndi kutuluka. Nyumba yonse inangoti zii ngati kumanda. Ngakhale mwana wa pa khomo lachiwiri uja anamutseka pakamwa."

"Unamva chiyani?"

"Mtima wanga."

"China?"

Kadzidzi anakanda m'mutu. "Pamwambapa. Chitseko chinatsekuka, munthu anatsika masitepe mothamanga, osati mozemba ayi. Patapita kanthawi anakweranso. Ndinati Nesi ameneyu wapenga, anzake tikubisala iye akuthamangira yunifolomu."

"Nesi anali kuntchito."

"Ndiye anali ndani? Komanso m'mawa wonse ndinalephera tulo. Didididi pamutu panga, kuchoka pawindo kupita pakhomo, kuchoka pakhomo kupita pawindo. Nesi sayenda choncho. Nesi amayenda ngati mphaka, anazolowera kusadzutsa nkhalamba."

Azakhali anaipachika okha jeketeyo pamsomali. "Gona, mwanawe. Ndakulakwira."

"Mwandilakwiradi," anatero Kadzidzi. "Potuluka mukoke chitseko."

Pamasitepe Azakhali anaima atagwira chitsulo. M'chipinda cha pamwamba munkagona anthu awiri, ndipo makiyi analipo awiri. Mmodzi anali kusambitsa nkhalamba. Winayo makina a pageti ankamuikira umboni.

Koma makina amawerenga khadi. Sayang'ana amene walinyamula.

* * *

Azakhali anamupeza Msuweni kuseri kwa nyumba, pamene pankakhala migolo ya zinyalala, akukonza njinga ya munthu wina. Anali bambo wamsinkhu ndithu, wopanda pepala lililonse, wokhalira maganyu. Aliyense ankati ndi msuweni wake pofuna kumugoneka pansi m'chipinda mwini nyumba osadziwa, mpaka linasanduka dzina.

"Azakhali anga! Mwabwera kudzandifunsira? Ndavomera kale."

"Ndikakutenga ndikakudyetsa chiyani, matayala? Msana uli bwanji? Ndikuona ukuwerama ngati nkhalamba."

"Ukalamba, Azakhali. Kugona pa simenti."

"Lachiwiri unali kuti?"

"Lachiwiri, Lachiwiri..." Anazunguza gudumu la njinga. "Ndinali mommuno. Mvula imene ija ndikanapita kuti? Ndinagona tsiku lonse m'chipinda cha wometa tsitsi uja."

"Ndiye unabisala pati?"

"Kubisala chiyani?"

"Pamene anabwera a yunifolomu."

Gudumu linapitiriza kuzungulira lokha. Msuweni anamwetulira, koma kumwetulirako kunalibe pokhala. "Aa, pamene paja. Ndinalowa kunsi kwa bedi."

"Anabwera angati?"

"Awiri. Kapena atatu. Kunsi kwa bedi munthu suwerenga bwino."

"Anabwera mmodzi, ndipo anali wa maphukusi. Iwe amene umathawa ngakhale wowerenga mita ya madzi, nyumba yonse inanjenjemera iwe osadziwa. Tandionetsa manja."

Sanafune, koma Azakhali anawagwira okha n'kuwatembenuza. M'zala munali timabala tatsopano, towongoka, tocheka m'mphepete mwa makatoni.

"Njinga siicheka chonchi."

"Azakhali, mundiphetsa. Akadziwa kumakatoni kuti khadi limalowa ndi munthu wina, Atcheya ntchito yatha, ine andikweza ndege."

"Sindikupita kumakatoni. Zoti umagwira pa khadi la anzako ndinazidziwa kale, ndipo si iwe woyamba. Ndikufunsa za Lachiwiri."

Msuweni anakhala pa chidebe. Nthabwala zinali zitamuthera. "Ine ndimawagwirira Loweruka lokha, iwo akakhala ndi misonkhano ya bungwe. Koma Lolemba madzulo anandipeza pompano. Akuti mawa upite ndiwe, ine mutu ukundipweteka. Akuti usauze munthu, ngakhale alamu ako." Anayang'ana pansi. "Ndinaganiza kuti ndi chisoni cha apongozi awo. Mwamuna safuna kulira pagulu."

"Unaganiza bwino," anatero Azakhali. "Ukanakhala iwe, chikanakhaladi chisoni."

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, maondo akudandaula. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ankatero akuluakulu. Ukamuponya mwala, waswa mkhate. Koma apa mkhate unali utang'aluka kale, mwini wake yekha ndiye sankadziwa.

* * *

Nesi anali atatsikira kukhitchini ya onse kukawiritsa madzi. M'chipinda munali Atcheya okha, atakhala patebulo, akulemba uthenga wa chipepeso woti atumize ku gulu la bungwe.

Azakhali sanapereke moni. Anatseka chitseko, n'kutsitsa jekete yobiriwira imene inali kuseri kwake. Kuntchito kwa Nesi ankapereka ziwiri, ina yovala ina yosinthira. Iyi inali ndi fungo la chinyezi cha chovala chimene chapachikidwa chisanaume. Anaitembenuza. Msoko wa kumsana, pakati pa mapewa, unali utaphulika.

Anaiyala patebulo, pamwamba pa foni ya Atcheya.

"Nesi ndi wamtali, koma mapewa awa si ake."

"Sindikumva zimene mukunena."

"Mukumva. Msuweni wanyamula makatoni anu Lachiwiri. Kadzidzi wamva mapazi anu m'mawa wonse. Dzina la papepala la Nesi m'nyumba muno tikulidziwa ndife atatu, iye, inu ndi ine. Khadi lake lakale limakhala m'kabati umo, pansi pa masokosi anu. Ndipitirize?"

Atcheya anaimirira. Anali munthu wamkulu thupi, wozolowera kuti akaimirira anthu amakhala pansi. Azakhali sanakhale.

"Mayi, mukulowerera za m'banja."

"Za m'banja zikanathera m'chipinda muno. Inu mwazitulutsa. Kunja kuno kuli bambo wa ndevu zaimvi amene Lolemba akabweza makiyi a galimoto chifukwa cha pakamwa panu. Pansipa pali mtsikana amene ndamusecha ngati mbava. Ndipo kumudzi kuli mtembo ukudikira mwana wake. Ili kuti?"

Kunja galimoto inadutsa, madzi a mumsewu n'kuthovokera pakhoma. Atcheya anakhalanso pansi, pang'onopang'ono, ngati thumba limene laboka.

"Akapita sabwera," anatero. Mawu a pamsonkhano aja anali atachoka. "Inu simukumudziwa. Ana athu awiri amawasunga ndi malemuwa. Tsopano awasunga ndani? Akakangowaona, akakangowagwira m'manja, basi. Wakhala akunena chaka chonse kuti watopa kupukuta makolo a eni pamene ake akudwala okha."

"Ndiye?"

"Ndiye chilolezo changa chapachikika pa chake! Ine ndinalowa muno ngati mwamuna wa wantchito. Iye akakhala kumudzi, ine ndine Msuweni. Zaka zonsezi, Azakhali. Nyumba kumudzi ili pa mawindo, denga palibe. Ndibwerere ndi chiyani? Anthu akandione bwanji?" Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Sindinaitaye. Sindinaiwononge. Ndimati Loweruka likadutsa ndidzati a kampani aipeza. Akanalira, inde, koma maliro akanakhala atapita. Kulira kumatha."

"Kulira kwa amene sanaone nkhope ya mayi wake sikutha. Ndifunseni ine. Ili kuti?"

Atcheya anawerama, nakoka jombo ya kuntchito kunsi kwa bedi. Analowetsa dzanja mpaka kuchala, natulutsa envulopu yapulasitiki yopindidwa pakati, yosatsegula. Anaitambasulira kwa Azakhali.

"Mumuuze kuti dalaivala uja wabweretsa. Kuti anaipeza pansi pa mpando wa galimoto. Chonde. Inu amakukhulupirirani."

"N'chifukwa chake sindimuuza zimenezo."

Azakhali anapinda manja pachifuwa. Envulopuyo inatsala m'malere. Pamasitepe panamveka mapazi opepuka, kenaka chitseko chinatsekuka, Nesi n'kulowa ndi ketulo m'manja.

Anaona envulopu. Anaona jombo ili chigonere pansi. Anaona jekete yake patebulo, msoko uli yasa. Anayang'ana zinthu zitatuzo mmodzimmodzi, mosafulumira, monga ankayang'anira mabala a nkhalamba zake pozisambitsa. Anaika ketulo pansi bwinobwino kuti isatayike.

"Mayi a ana," anayamba Atcheya, "ndimati ndikufotokozere..."

Nesi anatenga envulopuyo m'manja mwawo, naing'amba ndi mano. Anatsegula pasipoti, napeza tsamba la chilolezo chatsopano, naliwerenga mpaka pansi. Kenaka anaiika m'kati mwa bulauzi, pamtima.

"Azakhali, ndege ya mawa m'mawa ndiipeza?"

"Uipeza. Ndikuperekeza ndine. Koma bambowa asanagone aimbira a kampani, awauze kuti phukusi linafika ndipo analandira ndi iwo. Aimba ine ndili pompano."

Atcheya anagwedeza mutu ngati mwana wasukulu. Maso awo anali pa mkazi wawo.

"Ukakaika maliro," anatero, "ubwera liti?"

Nesi anayang'ana pamwamba pa kabati ya zovala, pamene panali masutikesi awiri. Ina inali yaing'ono, yolowa nayo m'ndege. Inayo inali yaikulu, ya fumbi, imene anabwera nayo m'dzikomo.

"Inu ndinu wamtali," anatero. "Tanditsitsireni yaikuluyo."